Achemwali afunsa: kodi Mulungu mumamuona pati m'chisanu chonchi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene anafika kuno ku Scotland mu Epulo chaka chino. Dzina lawo sinditchula, koma andilola kuti ndiwayankhe poyera chifukwa akudziwa kuti funsoli si lawo okha. Amagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Glasgow, ndipo mashifiti awo ambiri ndi ausiku. Mwachidule, analemba kuti:

"Achimwene, ndinawerenga zimene munalemba chaka chatha zoti nyengo yozizira ndi imene mumamva kuti Mulungu ali nanu pafupi. Ine zandikanika kumvetsa. Ndimapita kuntchito kuli mdima, ndimaweruka kukadali mdima, masana ndimakhala ndili mtulo. Mitengo yonse yauma, kumwamba kuli ngati atchingako ndi bulangete lakuda, kuzizira kukulowa mpaka m'mafupa. Kwathu ku Blantyre ndinali wa kwaya, ndinali wa Mvano, kuphiri la Soche sindinkajomba. Kuno ndikagwada, pemphero langa limangothera kudenga. Inu Mulungu mumamuona pati m'chisanu chonchi? Kapena ine ndabwerera m'mbuyo?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi. Simunabwerere m'mbuyo ayi. Munthu wobwerera m'mbuyo sadandaula kuti pemphero lake silikufika. Amangosiya kupemphera osamva kanthu. Inu mukumva kuwawa chifukwa mtima wanu ukadali kufunafuna.

Ndisanalowe m'zauzimu, ndiloleni ndiyambe ndi thupi, chifukwa tikalumpha pamenepa ndikhala ndakunamizani. Kwathu usana umatenga maola pakati pa 11 ndi 13 chaka chonse, ndipo thupi lanu linakula likudziwa kuti dzuwa silinama. Kuno ku Glasgow cha pa 21 Disembala dzuwa limatuluka nthawi ikuyandikira 9 koloko m'mawa, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Maola asanu ndi awiri basi, ndipo ngakhale masanasana dzuwalo limangokwawa m'munsi, ngati dzuwa la kwathu likangotuluka kumene. Inu maola ochepawo mumawathera m'bulangete. Thupi lotere limafooka, tulo timasokonekera, mtima umalemera, ndipo munthu wopemphera amafulumira kuganiza kuti wachimwa kapena kuti pali amene akumuchita kumudzi. A NHS, omwe ndi a zaumoyo a boma kuno, amalangiza kuti m'miyezi imeneyi munthu azimwa vitamini D wokwana mamayikulogalamu 10 tsiku lililonse, ndipo ife a khungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse. Amagulitsa m'mafamase ndi m'masupamaketi pamtengo wotsika. Ngati kulemera kwa mtimaku kwatenga masabata, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zoti bola kufa, chonde pitani kwa a GP anu, adokotala a m'dera lanu, sabata ino, mukanene momwe mwandiuzira inemu. Matenda a nkhawa obwera ndi mdima wa nyengoyi amadziwika bwino kuno ndipo thandizo lilipo. Kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro. Eliya atagona pansi pa mtengo atatopa ndi moyo, mngelo sanayambe ndi ulaliki. Anayamba ndi mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Tsopano ndikuuzeni mmene zinandiyambira ine.

Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa kuzizira. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kutanthauza kuti munthu wogulitsa mbatatesi pamsika wa Dedza waima pamwamba kuposa munthu amene wakwera pansonga pa Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, lomwe ndi la mamita 1,345. Ndinakula ndikupita kusukulu mu Juni manja ali m'khwapa, mpweya ukutuluka mkamwa ngati utsi, udzu wa kudambo uli mbee. Koma kuzizira kwa ku Dedza kumatha ikamakwana 10 koloko. Mumapeza khoma loyang'ana kum'mawa, n'kuothera dzuwa, moyo n'kubwerera. Kuzizira kwa kuno kulibe khoma lotere.

M'Januwale wa chaka changa choyamba kuno, bambo anga anamwalira. Ndalama ya ndege ndinalibe. Maliro ndinawamvera pafoni, ndili m'kachipinda kanga, hita ikulira, mng'ono wanga atakweza foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo za kumanda. Kumudzi kunali mvula, chimanga chili m'chiuno. Ndinkamva madontho akugunda pa ambulera ya munthu wina. Foni itaduka kunja kunali kutayamba kale kuda, nthawi ili hafu 3. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kupemphera. Kutchalitchi ndinkapita, koma ngati mtolo.

Kumpingo kumene ndinkasonkhana kunali mkulu wina wokalamba, mbadwa ya konkuno, munthu wosalankhulalankhula. Patapita masabata awiri anandipeza pakhomo la tchalitchi n'kundifunsa ngati Loweruka ndili ndi ntchito. Anati ndikavale zonse zofunda zimene ndili nazo, tikakumane pa siteshoni ya Queen Street m'mawa. Anabwera ndi jombo za mwana wake, magolovesi, ndi fulasiki ya tiyi. Tinakwera sitima yopita ku Fort William, njanji imene amaitcha West Highland Line. Tinadutsa m'mbali mwa nyanja ya Loch Lomond kukucha, kenaka mapiri anayamba kuyera, poyamba kunsonga kokha, kenaka mpaka m'munsi. Titapitirira Bridge of Orchy sitima inalowa m'chigwa chachikulu cha Rannoch Moor, dera la madambo ndi timaiwe lokula pafupifupi masikweya kilomita 130, mopanda mudzi, mopanda munda. Mkuluyo anandiuza kuti pomanga njanjiyi, imene inatsegulidwa mu 1894, nthaka inkameza chilichonse chimene aikapo, mpaka anachita kuyala mizu ya mitengo, nthambi, dothi ndi phulusa kuti njanji iyandame pamwamba pa dambo. Atatha kunena zimenezo anakhalanso chete.

Patatha maola pafupifupi atatu tinatsika pa Corrour. Ndi kasiteshoni kakang'ono, kali pamtunda wa mamita 408, ndipo palibe msewu wa galimoto za anthu wamba wofikapo. Tinatsika awiri tokha. Sitima inanyamuka, phokoso lake linachepa, linachepa, mpaka linatha.

Achemwali, bata limene linatsala pamenepo sindinalimvepo chibadwire. Kwathu ngakhale pakati pa usiku pamakhala kenakake: nkhululu, achule kudambo, galu wa kutsidya, tambala wolakwitsa nthawi, ng'oma ya kutali. Apa kunali zii. Ndinkamva magazi anga akugunda m'makutu. Pambuyo pake ndinadzamva chifukwa chake: sinowo wongogwa kumene amakhala ndi timipata tambirimbiri ta mpweya, ndipo timipatato timameza phokoso m'malo molibweza. Koma tsikulo sindinkadziwa za timipata. Ndinangoona ngati dziko lonse lagwira mpweya, likudikira kuti wina alankhule.

Tinayenda pang'onopang'ono kulowera kunyanja ya Loch Ossian, mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Pansi pa jombo sinowo ankalira kuti kwichi, kwichi, ngati mukuponda ufa wa chinangwa wouma bwino. Mapiri onse anali mbee, koma osati kuyera kumodzi: kumene kukuwomba dzuwa kunali kofiirira ngati mkati mwa gwafa, kumthunzi kunali kobiriwira ngati thambo. Patali pang'ono panaima nswala zazikulu za kuno, zina za nyanga za mphandamphanda, zikufukula sinowo ndi ziboda kuti zipeze udzu. Zinatiyang'ana, mpweya ukufuka m'mphuno, n'kupitiriza kudya.

Tili m'mbali mwa nyanja sinowo anayamba kugwa pang'ono, kopanda mphepo. Mkulu uja anandigwira mkono n'kundilozera pa jekete langa lakuda. Anati ndiyang'anitsitse, koma ndisapumirepo. Ndinabweretsa mkono pafupi ndi maso. Panali kanthu kochepa kuposa njere ya mawere, ka nsonga zisanu ndi imodzi, nsonga iliyonse ili ndi tinthambi take, tinthambito tili ndi tinthambi tinanso, mbali zonse zofanana ngati wina wachita kuyeza ndi rula. Pambali pake panatera kena, ka nsonga zisanu ndi imodzinso, koma kosemedwa mwina. Ndinapuma mosazindikira, tonse tiwiri tinasanduka timadontho ta madzi. Ndinakweza maso n'kuona chigwa chonse, mpaka kumene maso alekezera, chitakutidwa ndi tinthu timeneti, kopanda munthu woti atione. Apo ndi pamene ndinalira bambo anga. Ndinalira mokweza ngati kumudzi, ndipo mkulu uja anangotembenukira kunyanja n'kundisiya. Nditatonthola anathira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki n'kundipatsa.

Sindinganene kuti ndinamva mawu, kapena kuti chisoni chinatha tsiku lomwelo. Chimene chinachitika n'chakuti funso limene ndinalisenza kwa masabata awiri, loti Mulungu anali kuti pamene bambo anga ankamwalira ine ndili kutali, linakumana ndi chinthu chachikulu kuposa ilo. Amene amasema kanthu kochepa chonchija mosamala chotero, kanthu koti kasungunuka pakamphindi, m'chipululu mopanda womuyamikira, sangakhale wosasamala. Sangakhale kuti anali atatembenukira kwina pamene nkhalamba ina ya ku Dedza inkatsirizika. Maganizo amenewa sanabwere ngati mfundo za m'kalasi. Anabwera ngati mmene kutentha kwa tiyi uja kunatsikira pachifuwa.

Kunali mlimi wina ku Jericho, m'chigawo cha Vermont ku America, dzina lake Wilson Bentley, amene mu 1885 anakwanitsa kujambula kachidutswa kamodzi ka sinowo pogwiritsa ntchito kamera ndi maikulosikopu. Anapitiriza moyo wake wonse mpaka anajambula zithunzi zoposa 5,000, osapeza ziwiri zofanana. Nsonga zisanu ndi imodzizo zimachokera ku mmene tizigawo ta madzi timagwiranirana tikamaundana, ndipo tinthambito timasiyana chifukwa kachidutswa kalikonse kamadutsa njira yakeyake m'mitambo, pena pozizira kwambiri, pena pachinyontho. Anthu ena amaopa kuti kudziwa zotere kumachotsa Mulungu. Kwa ine kumawonjezera tsemwe. Kudziwa mmene amayi anu amalukira nkhata sikuchepetsa manja awo.

Nditabwerera ku Glasgow usiku umenewo ndinatsegula buku la Yobu, ndipo mutu 38 unandigwira mwatsopano. Yobu wataya ana, wataya chuma, thupi lili zilonda zokhazokha, anzake amulalikira mpaka atopa. Mulungu atayankha, sakumufotokozera chifukwa chimene wavutikira. Akumutenga n'kumuyendetsa m'chilengedwe, ndipo mwa mafunso amene akumufunsa muli lakuti kodi analowapo mosungira chipale chofewa (chimene ndi sinowo), kodi madzi oundana anatuluka m'mimba ya yani, nanga chisanu anachibala ndani. Ndili mwana ndinkawerenga ndimeyi ngati Mulungu akumuzazira Yobu. Tsopano ndimaiona ngati zimene anandichitira mkulu uja: kumutulutsa munthu wosweka m'kachipinda kake, osamutsutsa, osamunyengerera, kungomuuza kuti taona.

Mawu akuti chipale chofewa tinakula tikuwawerenga ndi kuwaimba osadziwa chimene akunena. Tikamva zoti machimo ofiira adzayera ngati chipale chofewa, ine m'mutu mwanga munkabwera ufa woyera woyanika pamphasa. Inu ndi ine tapatsidwa mwayi umene agogo athu amene anatiphunzitsa mavesiwo sanaupeze, woona ndi maso chinthu chimene ankangochikhulupirira. Salimo 147 limayerekeza chipale chofewa ndi ubweya wa nkhosa, ndipo chisanu limachiyerekeza ndi phulusa lomwazidwa. Fanizo lachiwirili lokha ndimalidziwa kuchokera kwathu. Agogo anga aakazi ankatenga phulusa la pamafuwa m'lichero lakutha n'kukawaza pa ndiwo zamasamba kudimba, dzanja likuyenda uku ndi uku. Tsopano m'mawa wina mukamaweruka, mabasi asanachuluke, taimani pa kapinga aliyense wa m'mbali mwa msewu pamene kwagwa chisanu. Mudzaona kuti wamasalimo anaona bwino: ndi phulusa ndithu, lowazidwa ndi dzanja lodziwa, tsamba lililonse lalandira gawo lake, m'mphepete mwake mwachita ngati mwasokereredwa timikanda.

Pamenepa ndiyenera kukhala woona mtima. Sinowo wa pa zithunzi mu Glasgow sabwera kawirikawiri, ndipo akabwera sachedwa kusanduka matope akuda a m'misewu. Masiku ambiri a Disembala ndi Januwale kuno ndi mvula yowaza ndi mitambo yotsika, zofanana ndi chiperoni cha kwanu ku Blantyre, kusiyana kwake n'kwakuti chiperoni chimatha patapita masiku atatu kapena anayi. Sindigwirizana ndi chizolowezi chathu chojambulitsa pa sinowo tikumwetulira n'kuika pa Facebook, pamene usiku tikulira tokha ndipo bilu ya gasi yatikhalira pakhosi. Abale kumudzi amaona ngati tili m'paradaiso, ndipo mnzathu amene wangofika kumene amaona ngati iye yekha ndiye akulephera. Kuzizira kumapha. Ku Braemar, m'mapiri a Cairngorms, kunazizirapo mpaka madigiri 27.2 pansi pa ziro mu 1895 ndiponso mu 1982. Inu amene mumasamalira okalamba mukudziwa kuposa ine kuti miyezi imeneyi mabedi angati amatsala opanda eni ake. Pali anthu amene akugona m'makonde a masitolo mu Glasgow usiku uno. Salimo lomwe lija, litatha kukamba za ubweya ndi phulusa, limafunsa kuti ndani angaime pa kuzizira kwake. Kukongola ndi kuopsa zili m'mavesi otsatizana, ndipo munthu amene waona kukongolako moona sangadutse mnzake wogona panja ngati sanamuone.

Mwanena kuti mitengo yonse yauma. Apa pokha ndikutsutsani, achemwali. Siinaume. Kumbukirani mlambe wa ku Mangochi kapena ku Chikwawa mu Ogasiti: uli mbulanda, nthambi zili ngati mizu yoloza kumwamba, ndipo mlendo angalumbire kuti unafa kalekale. Mwana wa kumeneko amangoseka, chifukwa akudziwa kuti m'thunthumo mwadzaza madzi. Mitengo ya kuno imachita chimodzimodzi, kungoti mdani wake si chilala koma chisanu ndi kuchepa kwa dzuwa. Isanagwetse masamba imayamba yakoka chakudya chonse m'masambamo n'kuchisunga m'nthambi ndi m'mizu. Mawa mukamadutsa pamtengo uliwonse, kokani kanthambi kamodzi mukayang'ane kunsonga. Mupeza timphukira tolimba, totsekeka bwino, tina tomata ngati tapakidwa ulimbo. Masamba a mu Epulo ali kale m'menemo, opindidwa, akudikira. Mtengowo unawakonza chilimwe chisanathe. Nyanja nazonso n'chimodzimodzi: madzi amalemera kwambiri akafika madigiri 4, ndiye ozizira kuposa apo amakhala pamwamba n'kuundana, n'kusanduka chivundikiro, pansi nsomba zili moyo. Zikanakhala kuti madzi oundana amamira, nyanja zikanaundana kuyambira pansi. Ndikamaganizira pemphero lanu limene mukuti likuthera kudenga, ndimaona kanthambi kameneka. Nyimbo za Mvano zija sizinafe mwa inu.

Ndikudziwa chimene mukusowa. Kwathu Mulungu tinamudziwira m'phokoso labwino: kwaya ikuyeseza Lachisanu madzulo, amayi a yunifolomu yoyera akuvina popereka chopereka, mapemphero a usiku wonse, aliyense akufuula zake kuphiri. Kenaka mwafika m'tchalitchi cha miyala, chozizira, anthu makumi atatu a imvi akuimba motsitsa, ola limodzi mapemphero atha. N'zosadabwitsa kuti mukuona ngati Mzimu anatsala pa Chileka. Koma taganizani za kuphiri la Soche komweko. Munkakweranji phiri, pamene tchalitchi chinali pafupi? Si chifukwa chakuti pamwamba paja, mukatha kufuula, pamabwera kamphindi kena kamene mumangokhala pamwala, mzinda uli pansi panu, mphepo ikukupitani m'makutu, osanena kanthu? Kamphindi kameneko mumakadziwa kale. Dziko lino m'nyengo ino ndi kamphindi komweko, kungoti katalika. Eliya uja atafika kuphiri, kunadutsa mphepo yamkuntho, chivomezi ndi moto, koma Mulungu anadza m'kamawu kakang'ono ka bata.

Ndiponso makolo athu, uthenga wa m'buku usanafike, Mulungu ankamuwerenga kumwamba. Tamverani maina amene anamupatsa: Mphambe, wa mabingu ndi ziphaliwali, Chauta, mwini uta waukulu uja umaoneka mvula ikakata, Leza, Namalenga. Anali anthu oyang'ana thambo, odziwa fungo la mvula yoyamba pa fumbi, ndipo sankalambira mtambo kapena mphezi, ankalambira mwini wake. Inu ndinu mdzukulu wa anthu amenewo. Mwangopatsidwa tsamba lina la buku lomwe lija, tsamba limene iwo sanalione. Eni dziko lino nawonso ali ndi makolo awo m'chikhulupiriro amene anamufunafuna Mulungu m'malo ozizira ndi a mphepo: Columba anafika pa kachilumba ka Iona mu 563 n'kukhazikitsa malo opempherera m'mphepete mwa nyanja yolusa. David Livingstone, amene tauni ya kwawo inapereka dzina ku mzinda wanu, anabadwira ku Blantyre wa kuno mu 1813, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo ali mwana ankalawirira kufakitale ya thonje mumdima womwewu umene inu mukuwerukiramo. Nyumba imene anabadwiramo ikadalipo, ndipo pa sitima kuchokera ku Glasgow Central ndi ulendo waufupi.

Chinthu china chimene chimandilimbitsa mtima ndi mbalame. Anamzeze amene amamanga zisa m'makola a kuno m'chilimwe, pofika Okutobala amakhala atanyamuka ulendo wa kum'mwera kwa Africa. Wina amene anamuveka kamphete kumwendo ku England mu 1911 anakapezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, mu Disembala 1912. Choncho pamene inu mukusowa kwanu, anamzeze a ku Ulaya akuuluka m'thambo la mvula la kumwera kwathu, akudya ngumbi. Koma dziko lino silitsala lopanda alendo. Atsekwe zikwizikwi amabwera kuchokera ku Iceland ndi Greenland, ena kuchokera ku Svalbard amadzatera ku Caerlaverock m'mphepete mwa Solway, chifukwa kwa iwo Scotland wa mu Januwale ndi dziko lofunda, lachakudya. Mukamva phokoso kumwamba m'mawa kapena madzulo, kwezani maso, mudzawaona atandandalika ngati mutu wa muvi. Ndipo pali kambalame kachifuwa chofiira kamene amakatcha robin, kamene kamaimba nyengo yonse yozizira, nthawi zina usiku pansi pa getsi la mumsewu. Inu a mashifiti ausiku ndi amene muli ndi mwayi wokamva kuposa ife. Kuphiri akalulu ndi mbalame zotchedwa ptarmigan amasintha ubweya ndi nthenga n'kuyera kuti afanane ndi sinowo. Palibe chimene chinaiwalidwa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyengo ino ndi nkhono yeniyeni. Chilimwe cha kuno chimadzionetsa chokha, simuchita kuchifuna. Chisanu chimafuna munthu woima. Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Pa tsiku limene muli pa ofu, ngakhale thupi likukana, tulukani panja pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko, kwa theka la ola lokha. Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza m'malo mwa chimodzi chochindikala, chipewa chophimba makutu, ndi nsapato zosalowa madzi; munthu amene zala zake zikuwawa saona kukongola kulikonse. Foni ikhale m'thumba. Musadzikakamize kupemphera ndi mawu. Sankhani chinthu chimodzi, kaya ndi ukonde wa kangaude umene wagwidwa chisanu pa mpanda, kaya ndi madzi oundana pa chithaphwi, kaya ndi mthunzi wanu umene watalika ngati mtengo wa bulugama masanasana, n'kuchiyang'ana mpaka mutaona chimene simunachione poyamba. Mukapeza mawu, nenani zikomo. Mukapanda kuwapeza, imani chabe, kuimako kukuwerengedwa.

Ndipo musachite zonsezi nokha. Ine sindinapite ndekha ku Corrour, wina anachita kundigwira dzanja. Amalawi tilipo ambiri mu Glasgow ndi Edinburgh, ndipo pali magulu amene amakumana kupemphera ndi kuimba m'chinenero chathu, nsima ili pamoto. Bata la kuchigwa ndi phokoso la kwaya sizilimbana. Ine ndimazifuna zonse ziwiri, ndipo ndikakhala nthawi yaitali osaimba ndi anzanga, bata lija limayamba kusanduka kusungulumwa. Funsaninso mmodzi mwa okalamba amene mumawasamalira kuti akuuzeni za nyengo yozizira ya ubwana wawo. Ambiri a iwo amakumbukira chisanu chikujambula maluwa mkati mwa mawindo a chipinda chogona, ndipo nkhope zawo zimawala akamafotokoza.

Ulendo wa ku Corrour ndimaubwereza chaka chilichonse mu Januwale, pa sabata imene bambo anamwalira. Mkulu uja anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo tsopano ndimapita ndi mwana wanga wamkazi, amene anabadwira konkuno ndipo agogo akewo sanawaonepo. Chaka chathachi ndi iye amene anandigwira mkono n'kundionetsa kachidutswa pa golovesi yake, akundiletsa kupuma. Mukafuna kudzapitako, musapite nokha ulendo woyamba, muonetsetse zanyengo, ndipo mudziwiretu nthawi ya sitima yobwerera, chifukwa zimadutsa zochepa pa tsiku ndipo mdima umagwa msanga.

Koma simukuyenera kudikira ulendo wautali chotero. Kum'mwera kwa Glasgow kuli paki yotchedwa Queen's Park, ndipo pamwamba pa kaphiri kake pali mlongoti wa mbendera. Tsiku limene kwacha bwino kutagwa chisanu usiku, kwerani pamenepo muyang'ane kumpoto. Mudzaona mzinda wonse uli pansi panu ngati mmene Blantyre amaonekera muli pa Soche, kuseri kwake mapiri a Campsie, ndipo chakumanzere patali phiri la Ben Lomond litavala zoyera. Kuyambira pa 22 Disembala usana umayamba kutalika, poyamba ndi timasekondi tosaoneka, koma pofika kumapeto kwa Januwale mudzazindikira kuti 5 koloko ikuyandikira kunja kukuonekabe. Masiku omwewo muziyang'ana pansi pa mitengo ya m'paki: timaluwa toyera toweramitsa mitu, timene amatitcha snowdrop, timaboola nthaka yozizira n'kutuluka. Mukakaona koyamba mundilembere, mundiuze kuti mwakapeza pati. Ndikukupemphererani, ndipo mayi a kunyumba kuno akuti Lamlungu lililonse limene simuli pa shifiti, mbale yanu ilipo.